Chopanira pa Paipi ya Hita

"Hita yafa, mayi. Ndi kuzizira kumeneku, ulendo wa kwa mwana wathu ku Arizona walephereka," anatero a Delbert, akugogoda pafupi ndi chiwongolero cha galimoto yawo yakale yogonamo.

Akazi awo, a Marlys, sanakhulupirire, pakuti dzulo lake hitayo inkatentha bwinobwino. Mayiwo atatsegula boneti, anapeza paipi yopititsa madzi otentha ku hita itafinyidwa ndi chopanira.

"Kodi mbewa za ku Dakota kuno zayamba kuyenda ndi zopanira, bambo?"

A Delbert anazyolika.

"Ndapana ndine, ndikuopa kuyendetsa. Ndi maso angawa. Mizere ya pamsewu sindikuionanso."

A Marlys anachotsa chopaniracho, nakhala pachiwongolero.

"Khalani pampando uwo. Mukuganiza kuti chilimwe chonse chija ndinkaphunzira kuyendetsa chigalimoto chimenechi chifukwa chiyani?"