Msoko wa Kumsana

Fyness ananyambita ulusi, naulowetsa pasingano, n'kuyamba kuponda makina ngati amulakwira. Pakhonde la sitolo pomwe ankasokera, pafupi ndi msika wa pa Mwanza boma, wailesi ya a Watson okonza mafoni inali itayambanso nyimbo yomwe ija. Kachisanu tsiku lomwelo!

"Tatsitsaniko, a Watson. Tatopa nayo."

"Nditsitse nyimbo ya dziko?" a Watson anaseka. "Kapena ikukubayani penapake, mayi?"

Tisanamizane, inkamubayadi. Woyimbayo anali Dyna, mtsikana yemwe Fyness anamuphunzitsa yekha kutsegula kukamwa ku kwaya ya tchalitchi, akadali kamwana ka mamina. Chaka chino atalengeza kuti dziko likufuna nyimbo imodzi yokaliyimirira ku mpikisano wa maiko ambiri, onse awiri anajambula zawo n'kutumiza pafoni. Ya Fyness inafera m'manja mwa oweruza, osamveka pawailesi ngakhale kamodzi. Ya Dyna inalowa m'gulu la nyimbo khumi zoti anthu avotere. Fyness anavotera mnyamata wina wa ku Mzuzu katatu konse, nyimbo yake osaidziwa n'komwe. Sizinathandize. Dyna ndiye ankakwera ndege mwezi wamawa.

Ndiye taonani chipongwe. Lolemba Dyna anatulukira pakhonde pomwepo, nsalu yodula ili m'khwapa.

"Achemwali, mundisokereko diresi. Loweruka kuli mwambo wotsanzikana ku Blantyre, adzaonetsa pakanema."

Fyness anachotsa tepi m'khosi kuti amuyeze, koma mnzakeyo foni inali kale kukhutu.

"Aa, nthawi ndilibe. Dziyezeni nokha, si paja tinkabwerekana yunifolomu ya kwaya? Musoke momwe inuyo mungakondere."

Dziyezeni nokha! Mwana wa dzulodzuloli! Fyness anamuyang'ana akupita. Za yunifolomuzo zinali zakale. Tchipisi cha ku Blantyre chinali chitamuyanja Dyna m'chiuno, ndipo telala aliyense wa maso akanamuyitana kuti abwerere. Koma Fyness anamusiya apite.

Anadziyezadi, kenako n'kuchotsapo zala ziwiri pamuyesowo. Kutsogolo kwa diresilo anagwira ntchito yoti munthu n'kuombera m'manja: khosi lopeta, manja otukuka, mapindo owongoka bwinobwino. Pajatu dzina lake la utelala ankalifunabe. Koma msoko wa kumsana, kuyambira pomwe pathera zipi mpaka m'munsi, anautengera ulusi wakalekale womwe unali pansi pa kabati, woti ukaukoka pang'ono umangoduka. Anasoka motalikitsa, kamodzi kokha, osabwereza.

Ankadziwa bwino chimene ankachita. Munthu ataima chilili, diresilo likanapirira. Poyenda likanapiriranso. Koma woyimba amakoka mpweya wodzaza chifuwa, ndipo Dyna nyimbo ikafika pokoma sachitira mwina, amawerama n'kutimba dansi. Pamenepo ndiye ng'aa! Nduna zili pompo, makamera ali tcheru, dziko lonse likuona msana wa mwana wonyadayo. Akaganiza zimenezi, Fyness ankamva kukoma ngati akudya manachesi a pa Mwanza, iye amene sabata yonse chakudya chinkamuwawa.

Lachinayi mtima unamutsutsa. Anatenga lezala kuti aphwasule msokowo, poti mwanayo anali asanamulakwirepo chenicheni choti n'kuloza. Koma nthawi yomweyo wailesi ya a Watson inayamba kucheza ndi Dyna. Anathokoza Mulungu. Anathokoza amayi ake. Anathokoza anthu a ku Thambani ndi a kwa Nthache chifukwa cha mavoti, mpaka anyamata a kabaza anatchulidwa. Fyness anadikira, lezala ili m'manja. Dzina lake silinatuluke.

"Akuiwalani, mayi," anatero a Watson, maso ali pafoni yomwe ankakonza.

Fyness anabweza lezala m'kabati. Anakoleza makala m'simbi, nasita diresilo mosamala, n'kulipinda.

Loweruka m'mawa galimoto yoyera inaima kutsogolo kwa sitolo, kambendera kakupepera. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda, nthungululu zili wiliwili. Dyna anatsika atavala jini ndi sikipa, akumwetulira aliyense ngati phungu wofuna mavoti. Fyness anamupatsa jumbo ndi manja awiri, nkhope ili yoyera ngati ya mayi wa mvano.

"Osaliyesa pano, lingachite makwinya. Ukavalire komweko."

Koma Dyna anali atalitulutsa kale. Analikweza m'mwamba, anthu onse n'kuti aaa! Mayi wina analumbira kuti ngakhale ku Limbe kulibe telala wotere. Fyness anaweramitsa mutu ngati wamanyazi, akubisa kuseka.

"Ndinadziwa ine," anatero Dyna, misozi ikulengeza. "Ndinadziwa kuti mukasoka momwe mumakondera, litulukadi chonchi. Sabata yonseyi pakamwa pamandiyabwa, achemwali, mpaka pawailesi ndinachita kudziluma lilime kuti ndisaulule."

Anatambasula diresilo, naliyika pamapewa a Fyness.

"Kavaleni msanga, galimoto sidikira. Langa anasoka kale ku Blantyre, ili ndi lanu. Anandiuza ndisankhe munthu mmodzi wondithira mang'ombe, wokwera naye ndege, ndipo ndinatchula inu. Masana ano tikavinira limodzi, dziko lonse likuona."