Laputopu Imene Inafika ku Chiponde Isanapangidwe

Panali munthu wina ku Mangochi amene anagula laputopu ya mamiliyoni awiri pa K600,000 yokha. Ine ndakalambira pamsika, mtengo wotere ndikaumva ndimayamba ndagwira thumba langa.

Dzina lake anali Che Sulemani, wojambula mavidiyo pa maukwati ndi pa zinamwali. Laputopu yake inali nkhalamba. Ikatentha inkazima yokha, moti masana ankaikhazika pa beseni la ayezi wa asodzi kuti ntchito ithe.

Mkazi wake Asiatu ankagulitsa mafirizesi ndi thobwa lozizira pakhomo. Tsiku lina anati:

"Bambo a Abiba, ndalama zakwana kale. A Bonface aphunzitsi awasamutsira ku Ntcheu, akugulitsa yawo. Mwaiyesa nokha, ndi yabwinobwino. Gulani."

"Iwe umadziwa za madzi oundana basi. Purosesa yatsopano ili m'njira. Purosesa ndiye ubongo wa makina. Ndikagula lero, mawa ndizisekedwa."

Ya a Bonface inapita ndi munthu wa ku Malindi. Purosesa ija inatulukadi, koma Sulemani anawerenga pafoni kuti ina yoposa pamenepo ikubwera chaka chamawa. Anayambanso kudikira. Vuto lake, sankadikira mwakachetechete. Ku tiyirumu, pa depoti, panja pa mzikiti Lachisanu, ankalalikira dzina la purosesayo ndi manambala ake onse. Tauni yonse inadziwa chimene akufuna ndiponso ndalama zimene wasunga. Pamsika, wolengeza njala yake amakhala wadziikira yekha mtengo.

Mu Seputembala, Che Dinala, mwini maboti atatu ku Monkey Bay, anamulemba ntchito yojambula tsiku limene ana awo awiri ankatuluka ku jando, chinamwali cha anyamata. Anapha ng'ombe, anamulipiriratu K450,000, chifukwa abale awo a ku Joni ankayembekezera vidiyoyo. Sulemani anajambula tsiku lonse, anakopera zonse mu laputopu yakale, n'kufufuta khadi la kamera kuti akajambulire ukwati wina.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wa kanzu yoyera, mkanjo wofika m'mapazi, wonunkhira bwino.

"Salaam aleikum, Che Sulemani. Akuti m'tauni muno wodziwa makina ndinu nokha. Ija mukuidikira ili ku Chiponde, pa boda."

"Sinatuluke imeneyo."

"Kwa anthu wamba sinatuluke. Sitima zimayamba kutsitsa katundu ku Nacala. Azungu adzaiona ife titatopa nayo."

Asiatu anangofunsa kamodzi: "Munthuyu kwawo ndi kuti?" Sulemani anali atavala kale nsapato.

Ku Chiponde, kuseri kwa shopu ina, laputopu inatulutsidwa m'chikwama ikunyezimira. Pakona pake panali kapepala komata, dzina ndi manambala ndendende monga ankalalikira. Anaiyatsa, inaonetsa chithunzi cha mapiri, wa kanzu uja n'kuizimitsa.

"Batire ndi lochepa, magetsi azima, ndipo a msonkho a pa boda akuzungulira. Tikambe mtengo. Miliyoni imodzi."

Apa ndi pamene Sulemani anagwera. Ananenerera maola awiri. Anaimirira katatu ngati akupita, katatu anagwidwa mkono. Mtengo unatsika mpaka K600,000, ndipo iye anasangalala ndi kupambanako mpaka kuiwala kuyatsanso chinthu chimene akugula. Ife ogulitsa timadziwa: munthu mukamulola kukugonjetsani pamtengo, katundu samuyang'ananso.

"Mwandipha, achimwene," anatero wa kanzu uja. "Ndiwonjezereni yakaleyo, ana azikaseweretsa."

"Muli ntchito ya anthu mmenemo."

"Ndikukopereni pa fulashi pompano. Mnzanga ali ndi jenereta."

Analowa nayo mkati, anatuluka ndi fulashi, anagwirana chanza. Kenako wa kanzu anakwera njinga yamoto kulowera ku Mozambique, laputopu yakale ili kukhwapa.

Kunyumba, makina atsopano aja anatenga mphindi khumi kuti adzuke. Wokonza makompyuta amene Sulemani anamuitana anamatula kapepalako ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Pepalali lokha ndiye latsopano. Makinawa anabadwa mwana wanu Abiba asanabadwe, ndipo Abiba ali Sitandade 7."

Mu fulashi munali nyimbo zinayi za Chipwitikizi.

Sulemani anathamangiranso ku Chiponde. A kabaza anamumvetsera mwaulemu, mmodzi n'kuyankha kuti, "Wa kanzu yoyera? Bwerani Lachisanu mudzasankhe nokha, amakhala ambiri."

Che Dinala anafika pa pikapu yawo yonyamulira nsomba. Sanakalipe. Anakhala pansi, anamva nkhani yonse mpaka kumapeto.

"Che Sulemani, ukwati ukalephereka kujambula, anthu amavalanso zovala n'kubwereza. Nanga jando? Anawa ndiwabwezere kwa angaliba? Akadulanso pati?"

Sulemani anayang'ana pansi.

"Ndalama yanga ndiitenga lero."

Ndalama panalibe, zonse zinali zitapita ku Chiponde. Kamera Sulemani anaikumbatira, akuti ndilo khasu lake. Laputopu yatsopano Che Dinala anainyamula, anaitembenuza, n'kuibweza patebulo. Maso awo anakaima pa filiji. Inakwezedwa pa pikapu mafirizesi ali momwemo, Asiatu ataima pakhomo ndi chingwe cha magetsi m'manja, mpaka anamukumbutsa kuti nachonso chikupita.

Sulemani akadali ku tiyirumu. Akuti purosesa yeniyeniyo ikutuluka mu Marichi.

Phunziro: Makina atsopano sadzasiya kutuluka, koma ntchito ili m'manja mwanu ndi ya lero. Gulani chimene mwachiyesa nokha, kwa munthu amene mukudziwa khomo lake, ndipo musakhulupirire kapepala komata. Tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse, makamaka kwa amayi okwatiwa ndi akatswiri. Wa kanzu anadya, Che Dinala anabwezeredwa, Sulemani akudikirabe. Analipira ndi Asiatu, amene ananena zoona tsiku loyamba: filiji ya K700,000, ya zaka zinayi za thobwa, inapita pa K450,000.