Thadzi ndi Njerwa ya Fulu

Padangotero, anzanga, khalani pansi ndikuuzeni msanga! Ku Dedza kuja, chisanu cha mu Juni chitavuta, Fulu amene ankawetedwa ndi mtsikana wina dzina lake Mwandida anasiya kudya, miyendo itauma gwa. Poopa kuti angafe, Mwandida anamuyalira makoko a chimanga m'dengu kuseri kwa khitchini, n'kumamuikiramo njerwa yotenthetsa paphulusa.

Thadzi wa pakhomopo ataona zimenezi, zinamuwawa. "Ine ndimaikira mazira koma ndimagona m'khola lobooka. Inu achimwene, munaikirapo chiyani pakhomo pano?"

"Palibe, mlongo," anatero Fulu akunjenjemera.

"Ndiye sunthani."

Nanga Fulu amasuntha msanga? Thadzi sanadikire. Anangomukhalira pamsana, n'kutambasula mapiko kuti kutentha konse kukhale kwake. Njerwa ija inkazizira, koma iye osachokapo, kuopa kuti Fulu angatengenso malowo. Zinali zomwezo mpaka Ogasiti.

Kunja kutafunda, Fulu anatuluka ali bwinobwino, n'kuyamba kudya bonongwe.

"Zikomo mlongo, bulangete ngati inu sindinalionepo. Chaka chamawa mudzandilandenso malo."

Nthano yanga yathera pomwepo, Thadzi kukamwa kuli yasa.