Masiku Makumi Atatu a Akalipentala

Panali munthu wina, bambo wachikulire, kalipentala wa mipando ndi mabedi. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo yekhayo, wamkazi, anali namwino kudziko lina lakutali, ndipo panatha zaka zisanu ndi chimodzi osaonana naye maso ndi maso. Kumeneko anakwatiwa, n'kubereka mwana wamkazi. Akalipentala mdzukulu wawoyo ankangomuonera pafoni.

Mdzukulu atakwanitsa chaka, mwana wawo anawatumizira kalata yowaitana. Anadzaza mafomu, anajambulitsa, anadinda zala, n'kudikira miyezi iwiri. Viza inatuluka, ya miyezi isanu ndi umodzi. Atafika pabwalo la ndege la kumeneko, mkulu woona za olowa m'dziko anadinda pasipoti yawo n'kulembapo ndi cholembera: masiku 30.

Mwana wawo anawafotokozera ali m'galimoto momwe. "Bambo, miyezi isanu ndi umodzi ija ndi nthawi imene mungalowere m'dziko muno. Koma masiku okhala ndi awa alemba apawa. Akamatha, tikapemphe owonjezera. Akakana, mubwerere kaye, mudzabweranso."

"Ndamva, mayi," anatero. Koma maso awo anali pa kamwana kamene kanali pampando wakumbuyo, kakuyamwa chala.

Sabata yoyamba mdzukulu ankawathawa. Yachiwiri anayamba kuwakoka ndevu. Makolo ake akapita kuntchito, awiriwo ankatsala pabalaza. Akalipentala anakonza mwendo wa tebulo umene unkagwedera, anakhoma timashelefu kukhitchini, mwanayo ali chikhalire pansi akumenya supuni pa chivundikiro cha poto. Ankamuti "akazi anga," ndipo mkamwini wawo akaweruka ankaseka: "Apongozi, ukwati wanuwu ndiye wakoma kuposa wathu!"

Tsiku la 24, mwana uja anaponya phazi koyamba atagwira chala cha agogo ake.

Mawa lake mkamwini anabwera ndi fomu yopempha masiku owonjezera. "Bambo, tidzaze lero. Akuti yankho limatenga masiku angapo."

Akalipentala anachita mantha. Nanga akuofesi akakana? Ndiye kuti Lachitatu akwere ndege, mwana atangoyamba kumene kuyenda? Anati adzaza mawa.

Masana a tsiku lomwelo anapita kukametetsa. Wometayo anali munthu wa kwawo, wokhalitsa m'dzikomo, wolankhula ngati malamulo onse anawalemba yekha. Akalipentala atamuonetsa pasipoti, anaitsegula n'kuseka.

"Aaa, madala, ana anuwo akukuopsezani chabe. Si iyi miyezi sikisi? Zolemba pamanja izi n'zongokwaniritsa mwambo. Mukapita kuofesiko ndiye mwadziulula nokha. Khalani phee, palibe amene amawerenga masiku a nkhalamba."

Mawu amenewo ndi amene mtima wawo unkafuna kumva. Atafika kunyumba ananena kuti afunsa kwa wometa, munthu wodziwa, zonse zili bwino. Mwana wawo anatsutsa, mpaka kukweza mawu.

"Bambo, wometa ndi ofesi?"

"Kodi ndakutopetsani?" anafunsa iwo. "Ngati ndakutopetsani, ingonenani, ndinyamuke."

Misozi inalengeza m'maso mwa mwana wawoyo. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Anakhala miyezi inayi. Tsiku lobwerera, mdzukulu anali atayamba kuthamanga, akumati "gogo, gogo" nyumba yonse. Anamulonjeza kuti abweranso chaka chisanathe.

Pabwalo la ndege, mayi wa pawindo anayang'ana pasipoti, anayang'ana kompyuta, n'kuitana mnzake. Anawalowetsa m'kachipinda kokhala ndi tebulo ndi mipando iwiri.

"Bambo, munapatsidwa masiku 30. Mwapitirira ndi masiku 91."

"Viza yanga sinathe, mayi. Onani."

"Viza ndi yolowera. Chidindo ndi chokhalira. Munapempha masiku owonjezera?"

Anaweramitsa mutu. "Ndinkalera mdzukulu wanga."

Mayiyo anaoneka ngati wamva chisoni. Koma anadindabe: osaloledwa kulowa m'dzikomo kwa zaka zisanu.

Chaka chotsatira mwana wawo anatenga pathupi pena, ndipo panavuta. Madokotala anamugoneka m'chipatala miyezi iwiri. Mkamwini ankathamanga pakati pa ntchito, chipatala ndi mwana. Tsiku lina namwino uja anaimba ali pabedi, mawu ali otsika.

"Bambo, mukanakhala kuno."

Akalipentala anavala jekete n'kupita kuofesi ya maviza ndi kalata ya dokotala m'manja. Anaima pamzere kuyambira m'mawa. Wa pawindo anatsegula pasipoti, anaona chidindo chija, n'kuwabwezera mwaulemu.

"Pepani bambo, apa palibe chimene tingachite. Mudzabwere zaka zikadzakwana."

Mwana anabadwa, wamwamuna, wofooka m'chifuwa. Madokotala analetsa kuyenda naye ulendo wautali, choncho nawonso sangabwere. Mpaka lero agogo ake sanamunyamulepo.

Pano patha zaka zitatu, kwatsala ziwiri. Lamlungu lililonse masana akalipentala amatseka shedi yawo, amasasa utuchi pamalaya, n'kukhala pa benchi kudikira foni. Mdzukulu wamkulu uja tsopano amalankhula chilankhulo cha kumeneko. Mayi ake amamunong'oneza, iye n'kunena mwamanyazi, "Muli bwanji agogo," kenako n'kuthawa kukasewera. Mayi ake akathamangira wakhanda akulira, foni imatsala patebulo itayang'ana kumwamba. Akalipentala sadula. Amakhala akuyang'ana denga la nyumba ija, akumvetsera timapazi tikuthamanga pabalaza, mpaka wina akumbukire kuti agogo akadali pafoni.

Phunziro: Ukalowa m'dziko la eni, werenga chimene adinda m'pasipoti yako, ndipo masiku asanathe kafunse kuofesi yake, osati kwa wometa. Kubwerera nthawi yake kumawawa, koma khomo limakhala lotsegula. Tumizirani uthengawu onse amene ali ndi makolo kapena abale okonzekera kukaona ana kunja, asadzatsale akuwerenga zaka ngati bambo awa.