Kuseka kwa M'kompyuta

Bambo wina anabwezanso mawu ojambulidwa pakompyuta. Ankalemba zimene anthu anamuyankha pa kafukufuku wake wa digiri ya udokotala wa zandale. Awa anali mawu a mkazi, akufotokoza chimene anachokera m'chipani. Kenako mkaziyo anaseka, bamboyo nayenso n'kuseka chikhakhali, kuseka kumene m'nyumba muno kunasowa kalekale.

Mkazi wa bamboyo anaimika simbi pambali pa malaya amene ankasita.

"Bambo a mwana, ndani ameneyo?"

"Malamulo a kafukufuku salola kutchula dzina, mayi. Ndinasainira."

"Kusekako nakonso mukulemba?"

"Iyayi, kuseka sitilemba."

"Nanga mukubwezeranji pomwepo?"

Chala cha bamboyo chinauma pamwamba pa batani.