Mkaka wa Alamu

Tsiku lomaliza limene mnyamatayo anamuona mkazi wake ali moyo, mkaziyo anali pabedi m'chipatala, akumuphunzitsa kagwiridwe ka botolo lomwetsera khanda lawo.

"Pakadutsa maola atatu uzimumwetsa. Akamaliza umusisite pamsana mpaka ageye, kenaka umugoneke chagada. Wamva, iwe wothawa koleji?"

Patatha mwezi chiikireni maliro, mkulu wake wa malemuyo, mayi wa golosale, anatulukira ndi katoni ya mkaka wa m'zitini. Anayang'ana pepala la nthawi zomwetsera mwana lomwe mnyamatayo anamata pachitseko, n'kutsonya.

"Alamu, mwana sayendera wotchi ngati basi. Sukulu inakukanikani, ndiye khanda mulitha? Longedzani tizovala take, ndikumutenga lero."

"Akugona bwino, alamu. Kusikelo akuti akukwera."

"Akukwera ndi chiyani? Kachitini kamodzi kopima ngati mankhwala? Kwanga mkaka ndi wosefukira. Taonani mmene timalerera ife."

Anatsegula chitini chimodzi n'kukhuthulira ufa m'botolo mongoyeza ndi maso, zibangili zikulira pamkono. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Chitini cha mnyamatayo chinalidi chitatsala pang'ono kutha.

Iye anatola cha alamuwo kuti aone muyezo wake. Kunsi kwake kunali kapepala ka mtengo, komatidwa mosamala pamwamba pa zilembo zina. Anakamatula ndi chikhadabo.

Botolo lisanafike pakamwa pa mwana, analilanda, n'kuwerenga mokweza tsiku lomwe mkakawo unatha mphamvu.

"9 Juni, chaka chatha."