Kwaya Imvekera Padenga

"Tembenuzirani cha ku Kapichira!" anakuwa Esinala ali pawindo. "Ayi, mwapyola! Bwererani pang'ono!"

Mwamuna wake Lyton anali padenga, akulimbana ndi nsungwi ya eriyo, malata akumuotcha mapazi. Masana amenewo kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Kasisi inkaoneka pa kanema. Pojambula kwayayo, iye ankaima kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa azibambo ataliatali, koma pa nyimbo yomaliza ankabwera kutsogolo kudzatsogolera. Ndiye anali ataitana apongozi ake kuti adzadzionere okha.

"Basi pomwepo! Zayera!"

Atangoti asiye nsungwi ija, zithunzi zinaduka tizidutswa n'kuuma. Ataigwiranso zinabwerera.

"Musaisiye, abambo! Ikufuna dzanja lanu!"

Lyton anapirira, thukuta lili kamukamu, nyimbo akumvera m'malata. Kenaka inayamba yomaliza ija, ndipo mtima unamukanika. Anawerama kuti asuzumire pa kabowo ka msomali, adzioneko ngakhale kamodzi kokha. Nsungwi nayo inawerama naye limodzi, m'nyumba n'kungoti zii!

Pamene ankaiwongola kuti zithunzi zibwerere, pa kanema panali pataima kale bambo wolosera zanyengo, akuchenjeza kuti m'chigwa cha Shire kutentha kupitirira.

Lyton anatsika akutsimphina.

"Kwaya njabwino kwabasi," anatero apongozi akukonza chitenje kuti azipita. "Anzanu onse tawaona, mpaka a Goodwell opanda mano aja. Nanga inu, bambo, tsiku lojambulalo munali kuti?"